Botolo la Saida

Mlendoyo anatsika ndege ya Lachitatu masana, dzuwa la Okutobala litapsereza phula la pa Chileka mpaka kumanunkha. Anzake onse anali atakoleka majekete pamapewa, koma iye anali atatseka mabatani onse a lake, dzanja lamanzere lili pachifuwa ngati munthu wolumbira m'khoti. Panalibe womuchingamira. Atafika pansi pa makwerero anaima n'kumayang'ana kumpoto, kumene mapiri anali atazimirira ndi kutentha, mpaka wantchito wa ndege anachita kumukhudza pachigongono kuti apatse anzake njira.

Konsitabulo Christobel Mailosi, yemwe tsikulo anali pachipata, anamuona bwinobwino: wamtali, wandevu, wa magalasi akuda, khungu ngati la munthu wa konkuno. Pasipoti yake inali ya ku Mangalande ndipo inkati ndi Dokotala Rodney Christmas. Ankalankhula Chingerezi chokhachokha, chapansipansi. Anati akudikira ndege ya Loweruka yopitirira kummwera, ndipo hotela ya m'tauni sakuifuna; resitihausi ya Mayi Agnes ya kuseri kwa msika imukwanira. Christobel anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota, akudzifunsa kuti n'chiyani chimene munthu angafukate pamtima osachisiya ngakhale kutatentha chonchi.

Lachisanu m'mawa Mayi Agnes analowa ku polisi duku litapendekeka, kudzanena kuti mlendo wawo waberedwa. A Inisipekita Julius sanadikire n'komwe kumva chimene chabedwa. Chaka chimenecho cha 1979, kubera mlendo wakunja kunali kuchititsa dziko manyazi, ndipo nkhani zochititsa dziko manyazi sizinkathera pa Chileka. Anaimba foni ku Blantyre ataimirira njo, kenako anauza Christobel kuti dzuwa likapendeka kubwera anthu a ofesi ina ija imene sinkatchulidwa dzina, ndipo adzafuna kupeza wakubayo atadziwika. Christobel ankadziwa, monga ankadziwira aliyense, kuti munthu akakwera galimoto ya anthu amenewo, abale ake ankangosiya kufunsa.

* * *

Chipinda cha mlendo chinali cha kumapeto kwa khonde. Wotchi, kamera ndi kachikwama ka pasipoti zinali patebulo, zosakhudzidwa. Pansi panali patangopakidwa polishi wofiira m'mawa womwewo, ndipo papolishipo panadinda mapazi opanda nsapato, ochoka pakhomo kulunjika pabedi n'kubwereranso, osapatukira kwina. Panja pa chitseko, pafumbi, panali chidindo cha nsapato za matayala ziwiri zoikidwa mogundizana. Christobel ananjuta n'kuyang'anitsitsa. Wakuba wovula nsapato kuti asamveke amayenda monyang'ama. Uyu anaponda phazi lonse, mwaulemu, ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro. Ndipo pilo anali wamaliseche. Nsalu yake yoyera inali itapita.

Mlendoyo anali atakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali lende. Anati chasowa ndi kabotolo kapulasitiki kathyathyathya, kotalika ngati chikhatho, ka madzi ofiirira. Anali atakasiya kunsi kwa pilo, pambali pa botolo la madzi ofunda, n'kupita kukasamba.

"Muli mankhwala?" anafunsa Christobel m'Chingerezi.

"Muli munthu. Kapena ndinene kuti muli kachidutswa ka munthu kamene sikanamve kuti mwini wake anamwalira."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo ena, makamaka a chotupa, akawadyetsa ndi kuwasunga pofunda ngati m'thupi, amapitiriza kuswana m'botolo zaka ndi zaka. Akazizidwa amafooka, n'chifukwa chake anayenda nawo pachifuwa. Iyeyo ntchito yake inali kuyesa pa maselowo chinthu chotchedwa intaferoni, chimene thupi limapanga lokha likalowedwa ndi kachirombo, ngati mfuu yochenjeza anansi kuti atseke zitseko. Akadontheza pang'ono m'botolo, kachirombo kakalowa kamalephera kuchulukana. Ndipo chimene chinkamusowetsa tulo chinali ichi: maselo a chotupa, amene sadziwa kuleka kukula, akamva intaferoni amayamba kuzengereza, ena mpaka kuima.

Mwa maselo onse amene anawayesapo, anatero, awa ndiwo ankamva msanga. Ankatchedwa ndi dzina la kamtsikana kamene anachokerako: Saida.

Kenako anapempha chinthu chimene Christobel anali asanamvepo kwa munthu woberedwa. Anati asalifune botololo. Iye wakhululuka.

Christobel anamuuza kuti foni yapita kale ku Blantyre. Mlendoyo anatseka maso, ndipo dzanja lake linabwerera lokha pachifuwa, pamene panalibenso kanthu.

* * *

Mayi Agnes ankalankhula ngati mvula ya pamalata. Nyumbayi anaitsegula dziko lisanalandire ufulu, ndipo sipanasowepo ngakhale sipuni. Khadi la chipani ali nalo, la chaka chino, akhoza kulionetsa pompano. Nthawi imene botololo linasowa iwo anali kumsika, afunseni ogulitsa tomato, anakangana nawo. Makiyi apadera amakhala pamsomali kuseri kwa kabati, ndipo odziwa msomaliwo ndi iwo, a Potiphar ophika, ndi Salumu Bwanali, wonyamula katundu pabwalo la ndege, amene amawabweretsera alendo n'kumamwa tiyi ngati chithokozo. Koma Salumu ayi. Salumu saphonya swala, mapemphero a kumzikiti, ndipo anabwezapo chipewa cha mzungu atachithamangira mpaka pamakwerero a ndege.

Christobel anawapeza a Potiphar kuseri akusosola nkhuku, ndipo sanadzutse mutu. Anati m'mawa wonse anali pamoto, mboni yawo ndi nkhuku yomweyi, kungoti yafa.

"Ine ndinanena kale, mwana wanga. Munthu wofuna madzi ofunda mu Okutobala, osati osamba, osati a tiyi, koma ofunditsa botolo, ameneyo ali ndi zake. Akazi anga ndakhala nawo mpaka imvi, sindinawasamalepo choncho."

Atawapanikiza, anavomera kuti dzulo, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mlendo uja ndi Salumu anacheza nthawi yaitali pakhonde. Pochoka, Salumu anadutsa pakhitchini osatsanzika, maso ali psu, tiyi wake n'kumusiya akuzizira.

"Kodi Salumu Chingerezi amachidziwa?" anafunsa Christobel.

"Cha yesi bwana ndi thenkyu."

"Nde amamvana bwanji?"

A Potiphar anasiya kusosola. Anayang'ana kukhonde, n'kuyang'ananso kumpanda, kenako anatsitsa mawu.

"Makutu angawa ndi okalamba. Koma Chiyao ndikachimva ndimachidziwa, ndipo pakhonde paja pankalankhula anthu awiri."

Christobel sanalembe zimenezo. Sanadziwe chifukwa chake, koma cholembera anachibweza m'thumba.

Pabwalo la ndege anamuuza kuti Salumu sanabwere kuntchito, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Pasiteji anapeza Jimu, woyendetsa lole ya matola, atangobwera kumene, akuthira madzi mu injini. Jimu atamuona anavula kapusi n'kugwada mwachipongwe, akuti achemwali a boma akafuna kumumanga amumange bwino, chifukwa iye kuthawa mkazi wokongola sanaphunzire. Atamva dzina la Salumu, nthabwala zinachepa. Inde, anamunyamula m'mawa. Anakana kukwera kumbuyo ndi anzake, anachonderera kukhala kutsogolo, ndipo pa bampu iliyonse ankapempha kuti ayende pang'ono. M'malaya anali atafukata kanthu kokulunga m'nsalu yoyera, milomo ikungogwedera ndi mapemphero aja amanena Asilamu akanyamula maliro. Anatsikira pa Lirangwe.

"Ndinamufunsa kuti amwene, kodi ndi mazira? Anandiyankha kuti ndi mlongo wanga. Ine n'kuseka. Ndinaseka ndekha, achemwali."

* * *

Kuti apatsidwe galimoto, Christobel anayenera kutchula dzina. A Inisipekita atamva kuti ndi Bwanali wa ku Lirangwe, analibwereza pang'onopang'ono ngati akulilawa, kenako dzanja lawo linapitanso pafoni. Christobel anatuluka mtima utalemera. Mawu ake omwe ndiwo anali atalozera anthu aja njira ya kwa Salumu, ndipo chimene chinamutsalira chinali kukafika iwo asanafike.

Mlendo uja anaumirira kuti apite nawo. Anakhala kumbuyo pamodzi ndi Christobel, a Lekani oyendetsa ali kutsogolo. Atadutsa Lunzu, minda inali mbee, mizere itaunjikidwa kale kudikira mvula, milambe itaima yopanda tsamba. Christobel anafunsa ngati botolo lija linali lokhalo padziko lonse. Mlendoyo anapukusa mutu. Anati Saida ali m'mafiriji ndi m'mabotolo a mayiko ambiri, ndipo atati amusonkhanitse pamodzi akhoza kulemera kuposa mmene ankalemerera ali moyo. Madokotala amene sadziwa n'komwe kumene kuli Malawi amatchula dzina lake tsiku ndi tsiku.

"Intaferoni wanuyo akanamupulumutsa?"

"M'botolo amagwira ntchito. Mwa mwana sitinadziwebe. Ndimadontheza, ndimayang'ana pa makina, ndimaona chotupa chikuima. Ndiye ndimakhala pansi n'kumaganiza kuti chaima mochedwa."

Funso lina linali pamlomo pa Christobel, la Chiyao cha pakhonde, koma anaona maso a a Lekani pagalasi n'kulimeza. Anangoyang'ana manja a mlendoyo, aatali, osamalika, ali pamaondo, ndipo anadabwa kuti mtima wake ukumumvera chisoni munthu amene ankamunamiza.

Nyumba ya a Bwanali inali kuseri kwa mzikiti. Swala ya Lachisanu inali itatha, ndipo pabwalo panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Amayi okhaokha anali atakhala pamikeka, mitu itafundidwa. Mlendo uja sanalowe pabwalo. Anatembenuzira nkhope kumbali n'kulowa kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa, osafunsa munthu kumene kakupita. Christobel atati amutsatire, mawu ofatsa anamuimitsa.

"Kumanda akazi sitifika, mwanangu, ngakhale a yunifolomu. Bwerani mukhale apa. Ndine Maliyamu, mayi wake wa amene mukumufunayo."

* * *

Anali mayi wochepa thupi, wa maso ouma ngati munthu amene anamaliza kulira kalekale. Pambali pawo panali beseni la madzi onunkhira, ndi nsalu ya pilo ija, yochapidwa, yopindidwa bwino. Anaikankhira kwa Christobel, nati akabwezere eni ake. Iwo nsalu ya sanda anali nayo yawo.

Sanabise kanthu. Saida anali mwana wawo wamkazi yekhayo. Chaka chotsatira ufulu, asanathe n'komwe msinkhu, tsaya lake linayamba kutupa mpaka mano kugwedera. Anapita naye kuchipatala china m'tauni, kumene dokotala wachizungu anadula kachidutswa ka chotupacho n'kukatumiza pa ndege kuti akakaone kunja. Yankho lisanabwere, mwana anapita. Pomusambitsa, a Maliyamu anapeza bala losokedwa, ndipo anadziwa kuti akuika mwana wosakwanira.

"Kwathu munthu amabwerera kwa Mwini wake yense, mmene anabwerera. Chimene chachoka pathupi timachikwirira. Ine zaka zonsezi ndimamulota atagwira tsaya, akufunafuna pansi."

Amene anavomereza kwa dokotalayo, anapitiriza, anali mwana wawo woyamba, Abdu, chifukwa ndiye ankadziwa Chingerezi cha kusukulu. Ankati akuthandiza mlongo wake. Pamaliro bambo ake anamunena mawu amene sabwezeka, anthu akumva. Mwezi usanathe Abdu anasowa, ndipo kunamveka kuti wadutsa malire pamodzi ndi aja boma linkawatcha zigawenga. Kuchokera pamenepo nyumbayi inakhala yoloza chala. Anthu a galimoto ankabwera kudzafunsa kumene ali. Bambo ake anamwalira akuyang'ana kumsewu. Salumu, amene nthawi imeneyo anali asanayambe n'komwe sukulu, anakula akumva za mlongo woikidwa mosakwanira ndi za mkulu wake wosatchulidwa.

M'mawa uno Salumu anafika ndi botolo, nati dokotala wina wachilendo wamuuza nkhani ya kamtsikana ka ku Lirangwe kotupa tsaya, kamene kachidutswa kake kakadali moyo. A shehe anati zoterezi sanazionepo m'mabuku awo, koma chochokera pathupi la Msilamu malo ake ndi amodzi. Tsono a Maliyamu analisambitsa botololo monga amasambitsira maliro a mkazi, n'kulikulunga.

"Ndisanalikulunge ndinaliika patsaya langa. Linali lofunda, mwanangu. Ndinamuuza kuti Saida, wayenda kokwanira, gona tsopano."

Amayi ena anayamba kusisima chapansipansi. A Maliyamu anagwira dzanja la Christobel n'kumuyang'ana m'maso.

"Inu mwayenda naye dokotalayo. Eti watha tsopano? Palibenso wina wotsala kwina?"

Christobel anaona m'maganizo mwake mafiriji a mayiko akutali, ndi kamtsikana kogawikana m'mabotolo osawerengeka, kakukula kosaleka m'zipinda zimene sikadzamvamo chinenero cha kwawo.

"Watha, mayi," anatero.

* * *

Amuna anabwerera mumzere kudzera m'chinangwa muja. Salumu anali patsogolo, mnyamata wamapewa otambalala, maondo a thalauza ali ndi dothi. Ataona yunifolomu sanathawe. Anabwera n'kutambasula manja onse awiri, nati analowa m'chipinda cha eni ake popanda chilolezo, ndipo zimenezo akuvomera, koma botolo asamufunse chifukwa lafika kwawo. Mlendo uja anali kumbuyo kwa onse, magalasi ali kumaso, zikhatho zili ndi dothi lofiira la kumanda.

Christobel anali asanatsegule pakamwa pamene galimoto yoyera yopanda chizindikiro inaima pafupi ndi mzikiti. Munatuluka bambo wa suti yotuwa ndi anyamata awiri. Bamboyo anapereka moni kwa a shehe mwaulemu wonse, anapepesa amayi chifukwa chowasokoneza, kenako anafunsa kuti Salumu Bwanali ndi uti.

Mlendo uja anapita patsogolo n'kunena m'Chingerezi kuti palibe chabedwa. Botololo anachita kumupatsa yekha mnyamatayo, ndipo ali wokonzeka kulumbira. Christobel anawonjezera msanga kuti wodandaula wachotsa dandaulo, choncho mlandu watha, ndipo ngati pali chotsala ndi cha polisi ya pa Chileka.

Bamboyo anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Anati ndiye bwino kwambiri. Katundu wochokera kunja, wobisidwa m'jekete, waperekedwa m'manja mwa mng'ono wake wa chigawenga, ndipo wakwiriridwa mofulumira boma lisanamuone. Adokotala ndi mlendo wa dziko, mwina anangotumidwa osadziwa, akhoza kukwera ndege yawo mawa mwamtendere. Koma mnyamatayu zikuoneka kuti amalandira mitolo kuchokera kwa mkulu wake, ndipo apita nawo kuti akawauze kumene Abdu ali.

"Bwana, anachoka ndili mwana," anatero Salumu. "Ngakhale nkhope yake sindiidziwa."

"Kumene tikupitako anthu amakumbukira."

Anyamata aja anamugwira mikono. A Maliyamu anadzuka pamkeka, nsalu ya kumutu ikugwa, n'kugwira malaya a mwana wawo kumsana. Sanakuwe. Anangonena kuti wina ali m'manda, wina anamezedwa ndi dziko, watsala ndi yekhayu, ndipo ngati akumutenga awatengere limodzi. Christobel anaponda sitepe imodzi, koma bambo uja anamuyang'ana n'kumufunsa mofatsa ngati yunifolomu yayamba kumuthina. Amuna onse a m'mudzi anaweramitsa mitu. Chitseko cha galimoto chinatsegulidwa.

"Musiyeni mwanayo. Sadziwa kanthu."

Mawuwo anali a Chichewa, cha konkuno, cholemera pang'ono ngati khasu limene lakhalitsa padenga. Onse anatembenuka. Mlendo uja anali atavula magalasi. Anadutsa pakati pa anyamata aja ngati sakuwaona, nakagwada pafumbi patsogolo pa a Maliyamu, mutu uli pansi.

"Amayi, Saida ndinamupereka ndine. Ndinayenda mpaka ndinakamupeza, ndipo ndakhala naye zaka zonsezi. Ndinabwera naye kuti ndimufikitse ndekha pakhomo pano, koma nditafika pa Chileka ndinaopa kupitirira."

Zala za a Maliyamu zinamasuka pamalaya a Salumu. Zinatsika pang'onopang'ono mpaka zinakhudza ndevu zija, n'kukwera patsaya, n'kuima pamenepo.

Bambo wa suti uja anakodola anyamata ake ndi chala, ndipo anamusiya Salumu, amene anangoima pomwepo akuyang'ana munthu wogwadayo. Christobel anamva misozi ikutsika, osaipukuta. Anadziwa kuti ndege ya Loweruka inyamuka ndi mpando wopanda munthu.

Mlendoyo anapsompsona chikhatho cha mayiwo, anadzuka, nasansa fumbi m'maondo. Kenako anatembenukira kwa bambo uja n'kutambasula manja ake a dothi.

"Pasipoti ija ndi yabodza, bwana. Dzina langa ndine Abdu Bwanali."